Lilime la Akulu Anga

Akulu anga anaphunzitsa ana a kalasi yoyamba kwa zaka makumi awiri, ndipo chimene chinawasiyitsa ntchito ndi lilime. M'mawa ankadzuka bwinobwino, koma dzuwa likamakwera m'kamwa munkayamba kutentha ngati amwa tiyi wowira. Pofika madzulo ankangoyankha ndi mutu.

Madokotala atatu anawaunika ndi tochi, kuwayeza magazi, osapeza kanthu. Wa mano anachita kuseka. "Mayi, m'kamwa mwanumu ndi mwabwino kuposa mwanga." Akulu anga anaseka nawo, koma titatuluka anakhala pamasitepe n'kulira.

Mwana wawo mmodzi yekhayo amagwira ntchito kutali, ulendo wa masiku awiri. Pafoni mayi ake ankangoti "ee" ndi "ayi", mpaka mtsikanayo anada nkhawa, napempha tchuthi kuti abwere mwezi wotsatira. Akulu anga anagula makatani atsopano a m'chipinda chake.

Ndine ndinamva za dokotala wobaya timasingano. Chipinda chake chinali pamwamba pa sitolo ya nsapato: bedi lopapatiza, sinki, ndi chithunzi cha thupi la munthu chodzaza timadontho. Anali mayi wachikulire wolankhula pang'onopang'ono.

"Sindikulonjezani kanthu," anatero. "Ena zimawathandiza, ena ayi. Koma zoti mukumva kuwawa ndikukhulupirira."

Akulu anga anandigwira dzanja. Aka kanali koyamba munthu wachipatala kuwauza zimenezo.

Timasinganoto tinali tating'ono ngati tsitsi. Anawabaya m'masaya, pansi pa mlomo, m'manja ndi m'mapazi. Ine ndinayang'ana kukhoma.

"Iwe, akubaya ine, ukukomoka ndiwe?" anandinena, osagwedeza nsagwada.

Ulendo woyamba, wachiwiri, wachitatu, palibe chinasintha. Titapita kachisanu, madzulo ake ndinawapeza kukhitchini akudya lalanje, chinthu chimene anali asanachiyike m'kamwa kwa chaka chathunthu.

"Wazima," anatero. "Mng'ono wanga, moto uja wazima."

Anatenga foni n'kuimbira mwana wawo. Analankhula ola lathunthu. Anamufotokozera za mphaka wa aneba, za denga lodontha, anamuimbira ngakhale kanyimbo kophunzitsira zilembo. Mawu a mtsikanayo ndinkawamva ndili pakhomo, akuseka ngati kamwana. Kumapeto anati, "Amayi, poti mwachira, bwanji tchuthi chija ndichisunge? Kuntchito kuno anthu achepa. Ndidzabwera chaka chamawa, ndidzakhalitse."

"Palibe vuto, mwanangu. Gwira ntchito."

Patatha masiku atatu moto unabwerera. Tinapitabe kwa dokotala uja kasanu kena. Nthawi zina ankapepukidwa theka la tsiku, nthawi zina ayi. Pa ulendo wakhumi dokotalayo anazula timasingano, nasamba m'manja nthawi yaitali asanatembenuke.

"Mayi, ndisakunamizeni. Pomwe ndingathe ine ndi pamenepa. Mukafuna kubwera bwerani, koma bwererani kuchipatala akayesenso mankhwala ena."

Akulu anga anamuthokoza mwaulemu, n'kuvala nsapato zawo.

M'basi ndinati, "Ndimuimbira mwanayu ndimuuze zoona."

Anapukusa mutu. Anatulutsa cholembera m'chikwama n'kulemba kuseri kwa tikiti, ndi zilembo zawo zija zozungulira za pabolodi: "Musiye. Anandimva ndikuseka."

Sindinamuimbire. Lamlungu lililonse mtsikanayo amaimba cha m'ma folo koloko masana. Akulu anga amayamba kukonzekera kudakali m'mawa: salankhula ndi munthu, sadya zamchere, amangovumata madzi ozizira. Foni ikalira amalavula madziwo musinki, n'kulankhula mphindi khumi ndi mawu a munthu wabwinobwino. Zikawakanika amati, "Lankhula ndi amayi ako aang'ono, akukusowa," n'kundipatsa foni.

Ine ndimafunsa za nyengo ya kumeneko.