Mtima wa Wotchi ya Makwaya

Overton Kachingwe, mlongo wake wa mkazi wanga Judith, anandilanda mpando wosunga nthawi pa chikondwerero cha makwaya chaka chatha, anthu atangomaliza kugulitsa fodya. Ndamutchula dzina lonse dala.

Ine ndine Dyson. Ndinayamba kukonza mawotchi pa Kabudula anthu akadavala opukusa ndi chala, opanda batire. Masiku ano tebulo langa limangokhala pakhonde la golosale ya eni ake, fumbi lokhalokha. Kutsidya kwa msewu kuli shopu ya Overton, yopakidwa penti yobiriwira, sola padenga, anthu ali pamzere kuchajitsa mafoni. Ndimamuona tsiku lonse. Sindichita kufuna, tebulo langa ndi limene linayang'ana komweko.

Mpingo wathu uli ndi wotchi imodzi yoyezera kuimba, imene anasiya abusa ena akale. Ili ndi batani pamwamba. Ukadina, muvi umayamba kuyenda, ukadinanso umaima, ukadina kachitatu umabwerera pamwamba kuti kwaya yotsatira iyambire poyera. Kwaya yopitirira nthawi imadulidwa malikisi. Za foni anthu anakana kalekale, amati foni imamvera mwini wake. Wogwira wotchiyo amakhala patebulo la kutsogolo, pambali pa abusa, kabelu kali pafupi. Amene ankakhalapo, a Elias, maso anali atawathera, ndipo mpandowo unali wopanda munthu. Ndinkaufuna. Munthu wakhala ndi mawotchi moyo wake wonse, akakhalenso kuti?

Wotchiyo inali itayamba kukondera. Muvi sunkabwerera pamwamba penipeni, pena unkatsalira, pena kupitirira. Amayi a kwaya ya ku Nsaru anadandaula kuti anaberedwa nthawi. A Isaki, alembi a mpingo, analengeza kuti amene aikonze ndiye adzaigwire pa chikondwerero. Kenako anaipereka kwa Overton, poti shopu ya penti ndi yake.

Mawa lake Overton anawoloka msewu, wotchi ili m'thumba la shati.

"Alamu, taonani kanthu aka," anatero. "Ndakatembenuza konsekonse, polowetsa chaja palibe."

"Ndiye mwaona kuti si zonse zimadya magetsi, eti?"

"Inu ndinu a zakale, tithandizeni."

Nditatsegula kumbuyo ndinapeza chimene ndinkaganizira. Pansi pa muvi pamakhala kachitsulo kooneka ngati mtima, ife timati kamu. Ukadina batani, kanyundo kakang'ono kamagunda m'mbali mwa mtimawo, mtima nkuterereka mpaka kanyundo kakakhazikike pamalo ake athyathyathya. Pamenepo muvi waloza pamwamba. Koma m'mbali mwa mtima uwu munali mutakumbika, ndipo nkhope ya kanyundo inali itadyeka mbali imodzi. Kanyundo kankangoima pamene kakodwa.

Kamu yatsopano simungaipeze pa Kabudula, ngakhale m'tauni ndikukayika. Ndinasalaza m'mbalimo ndi kamwala konolera lumo, pang'onopang'ono, chifukwa ukadya kwambiri mtima umasintha maonekedwe ndipo muvi sudzalozanso pamwamba. Ndinawongola nkhope ya kanyundo. Kenako ndinasongola kansungwi, nkumapukuta ndi phulusa losefa pansalu mpaka chitsulo chinawala ngati galasi. Ndikabweza, kuyesa, kuchotsanso. Mafuta kadontho kamodzi ka pansonga ya singano.

Masana alionse Overton ankasiya shopu yake nkudzakhala pabenchi langa. Ankandigulira tiyi. Maso anga akatopa ankandiunikira ndi foni.

"Kodi phulusalo ndi la chiyani, alamu?"

"Mwala umasiya timizere. Kanyundo kakapeza kamzere kamaima."

"Nanga mukasalaza kwambiri?"

Ndinkamuyankha zonse. Panali patapita nthawi chikhalire wopanda wondifunsa kanthu.

Itatha, tinaiyesa. Muvi unkalumpha kuchokera kulikonse nkukaima pamwamba, osagwedezeka. Overton anaitenga nati akangowaonetsa a Isaki.

Lamulungu, pa zolengeza, a Isaki anaimiritsa Overton. Anati mpingo ukuthokoza bambo Kachingwe chifukwa cha luso lawo, ndipo iwo ndiwo adzagwire wotchi. Anthu anawomba m'manja. Iye anawerama pang'ono, jekete lake latsopano likuchita kunyezimira. Ndinayembekezera kuti atembenuka andiloze. Anakhala pansi.

Ndinafuna kuimirira, koma Judith anali akundiyang'ana kuchokera kumbali ya amayi. Ine ndine mkamwini. Nyumba imene ndimagona ili pamudzi pawo, munda umene ndimalima ndi wa mbumba yawo, ndipo mwini mbumba ndi Overton. Mkamwini satsutsa mlamu wake pagulu.

Kunyumba ndinamufunsa Judith ngati sanandione ndikusefa phulusa pansalu yake yomwe.

"Ndinakuonani," anayankha. "Nsaluyo mpaka pano sinayere."

"Ndiye bwanji osakawauza a Isaki?"

"Ndikanene achimwene anga kwa alembi? Inu mwakalamba, abambo. Wotchi ikuyenda, si zimene mumafuna?"

"Ndinkafuna mpando."

"Mpando ulipo pakhondepo."

Magazi amakondana okhaokha. Ndinasiya kulankhula naye za nkhaniyo.

Ndinaganiza zomugwira Overton popanda kumutsutsa. Lachitatu a Isaki anabwera kudzachajitsa foni, ndipo ndinawoloka msewu. Ndinapereka moni, nkunena ngati wongofuna kuphunzira.

"Alamu, tatiuzani ifenso tidziweko. Inavuta chiyani wotchi ija?"

Ndinkadikira kuti achite chibwibwi. Iye anamwetulira, nkutsamira pakauntala.

"A Isaki, mkatimo muli kachitsulo ngati mtima, timati kamu. M'mbali mwake munakumbika. Pamafunika kamwala ka lumo, koma osadya kwambiri, mtima ungasinthe maonekedwe. Ukatero phulusa losefa, chifukwa mwala umasiya timizere."

Mawu anga onse, ngakhale kapumidwe kake.

"Koma ndiye muli ndi mutu," anatero a Isaki. "Nanga a Dyson, inu a mawotchi, zimenezi simunkazidziwa?"

"Asa, musawanyoze alamu anga," Overton anayankha ndisanatsegule pakamwa. "Anandithandiza kwambiri. Benchi linali lawo."

A Isaki anaseka. Anandigwira paphewa nati ndi zosangalatsa kuona achibale akugwirizana.

Tsiku la chikondwerero ndinakhala kumbuyo, pafupi ndi zenera. Makwaya anabwera pamalole kuchokera ku Nsaru ndi ku Nambuma. Overton anakhala pambali pa abusa, wotchi ataikoloweka m'khosi ndi chingwe chofiira. Amayi ena anamubweretsera botolo la zakumwa pambale. Kwaya ikamaliza ankaimirira, nkukweza wotchi kuti atsogoleri a makwaya aone, kenako nkudina.

Nyimbo sindinazimve. Maso anga anali pachala chakecho. Nthawi iliyonse akadina, ndinkafuna muvi utsalire, ngakhale pang'ono, kuti wina wa ku Nsaru adandaule, wotchi itsegulidwe pomwepo, tione ngati mwini luso akudziwa kogwira sikuludiraiva. Ndinkafuna ntchito ya manja anga ilephere. Koma ndinali nditaisalaza bwino. Kuyambira kwaya yoyamba mpaka yomaliza, muvi unkabwerera pamwamba penipeni.

Potseka, mtsogoleri wa amayi a ku Nsaru aja anapempha kulankhula. Anati chaka chino palibe waberedwa, ndipo Mulungu adalitse manja a bambo Kachingwe. Amayi analulutira. Judith nayenso analulutira.

Tsopano pakhoma la shopu yobiriwira ija, pansi pa mawu a mafoni, pawonjezedwa ndi penti yoyera kuti amakonzanso mawotchi. Mwezi watha ndinaona mphunzitsi wina wopuma ntchito akulowa momwemo ndi wotchi ya malemu bambo ake. Patebulo langa anangodutsa.

Chikondwerero cha chaka chino chayandikira. A Isaki alengeza kale kuti wogwira wotchi ndi Overton Kachingwe. Dzina langa silinatchulidwe.