Galasi Lozizira

Amene anawalakwira a Madala, osamala nkhumba pa famu ina, ndi dokotala wa ku labotale, ndipo anawalakwira Lachiwiri m'mawa, mwezi wozizira, chaka chatha. Analakwiranso Khutulimodzi, mphongo ya nkhumba ya khutu limodzi imene a Madala anailera kuyambira ili kamwana. Koma nkhumba ilibe kokadandaula.

Lamulo la pa famupo linali lakuti umuna wa mphongo iliyonse uziyezedwa, ndipo yopezeka yofooka izipita kubutchala. A Madala ntchitoyi ankaidziwa. Tsikulo anatenga umuna wa Khutulimodzi m'kabotolo, nakaveka sokosi, n'kukapana m'khwapa, poti timbewu ta nkhumba tikangozizidwa timaleka kuyenda. Anadutsa makola onse mkono uli chopana, ngati munthu wothyoka nthiti.

Mayi amene ankagwira mu labotalemo kale, asanapume pa ntchito, anali ndi kachitidwe kake. Galasi loyezera ankayamba waliika pa kambale ka magetsi kuti lifunde, kenako n'kudonthezapo. Nthawi zina ankawalola a Madala kusuzumira m'makina oonera tinthu tating'ono, n'kuona timbewu tikupiringizana ngati anthu pamsika.

Lachiwiri limenelo kambale kaja kanali koyaka ndithu, koma pamwamba pake panali kapu ya tiyi ya dokotala watsopano. Galasi analitola pawindo. Anadonthezapo, n'kuyankha foni, n'kuseka, n'kumwa tiyi, kenako ndiye anasuzumira. Anati pa timbewu khumi, tiwiri tokha ndi timene tikugwedezeka.

"Adokotala, galasilo simunalifunditse," anatero a Madala.

"Madala, sukulu munalekeza kalasi yanji?"

"Sitandade folo."

"Ndiye basi, bwererani ku makola."

Pepala loti Khutulimodzi ndi wosabereka linasainidwa, kapu inabwerera pa kambale. A Madala anakafotokoza kwa manijala, ndipo manijala anawauza kuti makina sanama. Iwo anati sakutsutsana ndi makina, akutsutsana ndi tiyi. Manijala anaseka mpaka kutsokomola, nati nkhalamba iyi ili ndi nthabwala.

Lachisanu galimoto ya kubutchala inabwera. Khutulimodzi anakana kukwera, moti amuna anayi analephera. Anaitana a Madala. Iwo anangomukanda kuseri kwa khutu lotsala lija, iye n'kukwera yekha.

Kunyumba mkazi wawo anamvetsera nkhani yonse akusita zovala. Anati n'zamwayi kuti dokotalayo sanayeze iwo, akanawakwezanso galimoto yomweyo, ana asanu ndi awiri ali pakhomo. A Madala sanaseke.

Koma panali nkhumba yaikazi ya m'khola lomaliza imene Khutulimodzi anaikwera Lolemba, tsiku limodzi asanayezedwe. A Madala analemba tsikulo ndi khala pakhoma. Patatha masabata awiri dokotala anafika ndi umuna wogula wa m'botolo, nati zazikazi zonse zimene mphongo ija inakwera zipatsidwenso. Nkhumbayo inakana, inalira, inaluma chitseko. A Madala anati ikukana chifukwa ili ndi bere kale. Dokotala anati aigwire miyendo, naipatsa wa m'botolowo.

Bere la nkhumba limatenga miyezi itatu, masabata atatu ndi masiku atatu. A Madala anawerenga kuchokera pa khala lija, ndipo pa tsiku lenilenilo inaswa ana khumi ndi atatu, onenepa, aliyense ali ndi banga lakuda paphewa pamene Khutulimodzi anali nalo.

Anakatenga dokotala ndi manijala, nawaonetsa ana, nawaonetsa khoma. Dokotala anayang'ana pa khadi lake, n'kuwerenga ndi zala.

"Abadwa masiku osakwana," anatero. "Zimachitika."

"Osakwana masiku, onenepa chonchi?"

"Ndiye ubwino wa botolo umenewo, Madala."

Manijala anagwedeza mutu, nati kuyambira lero famu iziitanitsa mabotolo ambiri. Anauzanso a Madala kuti apake laimu khomalo, likuoneka lauve.

Anapaka. Pa khadi la ana khumi ndi atatuwo, pa mzere wa bambo, palembedwa nambala ya botolo. Pepala la Khutulimodzi lili m'kabati, likunenabe kuti anali wosabereka. Kambale kaja kakugwirabe ntchito, ndipo tiyi wa dokotala sazizira.