Manja Awiri Sakwana

Ndinalowetsa dzanja pansi pa amuna anga kuti ndiwongole nsalu imene inakwinyika, ndipo zala zanga zinakhudza malo otentha. Ndinasiya nsaluyo. Ndinawakankha ndi phewa mpaka thupi linapendekeka pang'ono, n'kusuzumira. M'munsi mwa msana, pamene fupa limagunda matiresi, panali kamalo kakuda kuposa khungu lonse, kolimba, kukula kwake ngati chivindikiro cha botolo. Nditakanikiza ndi chala, sikanasinthe mtundu.

"Bambo, mwayamba kundibisira zinthu muukalamba uno?" ndinawafunsa ndikuwabwezera chagada, chifukwa phewa langa linali litalema.

Anamwetulira ndi theka la pakamwa limene sitiroko inawasiyira. Ine kumwetulira kunandikanika. Unamwino ndinaugwira moyo wanga wonse, ndipo wodi imene anagonekedwamo ndi yomwe ndinkayang'anira ndisanapume pantchito. Kamalo kotere ndimakadziwa bwino lomwe. Kakaphulika kamasanduka bala, balalo limakumba mpaka pafupa, ndipo mafinya akalowa m'magazi munthu amapita ukuona. Mankhwala ake si jekeseni kapena mapiritsi. Wodwala amafunika kumutembenuza pafupipafupi, kumanja, kumanzere, kuti thupi lisagonere malo amodzi.

Koma munthu wakufa ziwalo satembenuzidwa ndi munthu mmodzi. Pamafunika awiri, wina mbali ino ya bedi, wina mbali inayo. Mmodzi akakoka, mnzake amakankha n'kutsamiritsa pilo kumsana. Amuna anga anali wowotcherera zitsulo, chimunthu cha mapewa otambalala chimene chinkanyamula geti chokha anyamata atatu akuonerera. Ine msana unandithera m'wodi momwemo ndi kunyamula amuna a eni ake, ndiye pamene anga anafuna kunyamulidwa ndinalibe chotsala.

Masiku oyamba ankandithandiza mwamuna wina amene ankadwazika bambo ake pabedi loyandikana nafe. Bambo akewo atamwalira, anapinda mkeka wake, n'kundigwira chanza, n'kumapita. Odwazika otsalawo anali azimayi okalamba ngati ine ndemwe. Tsiku lina tinayesa atatu, ndipo tinangotsala pang'ono kuwagwetsera pasimenti.

Wodi ija sinalinso imene ndinaisiya. Pamene ndinkayamba ntchito, mabedi ankadzaza ndi malungo, chibayo ndi kutsegula m'mimba, matenda amene ukawathira mankhwala munthu amadzuka n'kupita kwawo. Tsopano kuyambira pakhomo mpaka pazenera la kumapeto kunali sitiroko, shuga, impso ndi mtima, matenda osachira komanso osapha msanga. Odwala otere amafuna kudyetsedwa, kupukutidwa ndi kutembenuzidwa. Amafuna manja, ndipo manjawo ndi amene anakwera ndege. Anthu a m'mayiko olemera nawonso akalamba, ndiye amabwera kudzathyola anamwino athu akangopsa.

Masana ankatsala namwino mmodzi, mtsikana wowonda wa nsapato zakutha chidendene. Odwazika anamupatsa dzina lakuti Sisitala Ndikubwera, chifukwa ndi mawu okhawo amene ankatuluka pakamwa pake akamadutsa chothamanga. M'khosi ankakoloweka foni yaikulu ya chipatala, imene akuluakulu anabweretsa ati kuti ntchito ipepuke. Nthawi yotembenuza wodwala ikakwana, foniyo inkalira n'kuonetsa nambala ya bedi.

M'mawa umenewo inalira ndikuona. Sisitala anali kumapeto kwa wodi akulimbana ndi diripi ya munthu wina. Anasuzumira pagalasi, anakweza maso kuyang'ana bedi lathu, kenako anadina kamodzi, foni n'kukhala chete. Anabwerera ku diripi yake.

Mtima unandipsa mpaka makutu anatentha. Ndinakamudikirira pa kangolo ka mankhwala, n'kutsekereza njira ndi thupi langa.

"Mwana iwe, wadina chiyani paja?"

"Amayi, ndikubwera, ndingomaliza..."

"Za kubwera sindikufunsa. Foni yako yanena kuti bambo atembenuzidwe, iwe waiyankha kuti atembenuzidwa. Wawatembenuza ndi maso?"

Anandiyang'ana. Ndinkayembekeza manyazi, koma m'maso mwake munali tulo tokhatokha.

"Ndikapanda kudina imalira osaleka, amayi. Ikatopa kulira imakandinenera ku ofesi. A ku ofesiwo satumiza nesi wina, amandiitana kuti ndikafotokoze, ndiye wodi imatsala yopanda munthu ine ndikufotokoza. Bola kudina."

"Ndiye kumtundako akuona kuti odwala onse akutembenuzidwa bwinobwino?"

"Amatiyamikira kumene. Akuti wodi yathu ndi yachitsanzo."

"Nthawi yathu bodza lotere..."

"Nthawi yanu munkakhalapo angati pa shifiti?"

Tinkakhalapo ochuluka moti tinkachita kukanganirana mipando ya m'chipinda cha tiyi.

"Pepani amayi, sikuti ndikukuchitirani mwano," anatero akutsitsa mawu. "Koma anthu onse amene munawaphunzitsa m'wodi muno ali kuti? Mwana wanu yemwe ali kuti?"

Funsolo linandilasa chifukwa linali loona. Mwana wathu, mtsikana mmodzi yekhayo, ndinamuphunzitsa kuyala bedi la wodwala m'wodi momwemo. Atapeza ntchito kunyumba yosungirako okalamba m'dziko lozizira la kutali, ndinamuperekeza ku bwalo la ndege nditavala diresi latsopano, ndipo bambo ake anauza msewu wonse. Mwanayo anatikonzera denga, anatigulira firiji, mankhwala a bambo ake ankagula ndi iyeyo. Sindimuda ngakhale pang'ono. Koma walira mvula walira matope, ndipo matope ake ndi amene ndinali kupondamo tsiku limenelo.

Sisitala anasiya kangolo kaja n'kunditsatira. Anaima mbali inayo ya bedi, anapinda bondo la bambo, anagwira paphewa ndi pachiuno. Ine ndinakankha, iye anakoka, chimunthu chonse chija n'kutembenuka mopepuka ngati khanda. Ndinalowetsa pilo. Ntchito yonse inatha munthu asanamalize n'komwe kupereka moni. Ndinamva ukali ndi chisoni nthawi imodzi, poona kuti chinthu chochepa chonchi ndi chimene amuna anga angafe nacho.

Mtsikanayo anawerama kuona kamalo kaja. Anakakhudza ndi kuseri kwa dzanja, monga timachitira pakhungu lakuda pamene kufiira sikuoneka, ndipo nkhope yake inagwa.

"Kayamba liti?"

"Ndakapeza lero. Mawa ubweranso kuti tiwatembenuze?"

"Ndiyesetsa, amayi. Mpaka kutha kwa mwezi ndiyesetsa."

"Kutha kwa mwezi kuli chiyani?"

Anakonzakonza pilo amene anali atakhala kale bwino. "Mayeso a chilankhulo aja ndinakhoza. Andiitana ku ntchito kunja kwa dziko."

Ndinkafuna kumutukwana. Ndinkafuna kumugwira m'miyendo. Koma ndinaona nsapato zake zija, ndipo pakamwa panga panatuluka mawu omwe ndinauzapo atsikana onse amene anabwera kudzanditsazika m'zaka zapitazo.

"Wachita bwino, mwanawe. Ukagwire ntchito molimbika, usakatichititse manyazi. Nanga muno mubwera ndani?"

"Akuti alemba ena."

"Anayamba kunena zimenezo ine ndisanamere imvi."

Foni ya m'khosi mwake inalira. Anadina osayang'ana n'komwe, n'kuthamangira ku kangolo kake.

Anayesetsadi, nthawi zina kamodzi pa tsiku, nthawi zina kawiri, koma khungu silidziwa kuti namwino ali yekha. Ndinkapaka mafuta, ndinkapinda mataulo n'kuwalowetsa pansi, ndinkapempha aliyense wodutsa amene anali ndi mapewa, ngakhale wokolopa. Mwezi utatha, Sisitala anapita. Wodi yathu anaiphatikiza ndi ina, namwino mmodzi n'kumayendera zonse ziwiri, ndipo foni ija tinkangoimva ikulira kutali m'khonde. Kamalo kaja kanaphulika. Masana ena ndikusintha bandeji ndinamva fungo limene namwino aliyense amalidziwa, ndipo thupi la bambo linali litayamba kutentha.

Ndinaimbira mwana wathu pa vidiyo. Kwawoko kunali m'mawa, iye ali pantchito, atavala yunifolomu yabuluu yosita bwino. Anali m'kachipinda kopumira, kapu ya tiyi ili m'manja.

"Ndionetseni, amayi."

Bambo anali atagonera kumanzere kuyambira mbandakucha, pamene mlonda anandithandiza. Ndinasendeza bandeji n'kuyandikiza foni. Mwana wanga anaika kapu pansi. Kwa kanthawi ndinaganiza kuti netiweki yaduka, chifukwa nkhope yake sinkasuntha.

"Ndinapempha tchuthi," anatero kenako. "Akuti ndidikire, tili ochepa. Awiri asiya ntchito mwezi uno."

"Kumenekonso muli ochepa? Nanga onse aja tinakutumizirani mwawadya?"

Anaseka pang'ono, misozi ili lengelenge. "Ndikutumizirani matiresi opopa mpweya, amayi. Kuno wodwala aliyense amagonera amenewo."

"Matiresiwo akubwera ndi manja?"

"Amayi, musatero."

"Chabwino, ndaleka. Lankhula ndi bambo ako."

Ndinatembenuzira foni kwa iwo. Maso awo anawala. Anayesa kutchula dzina lake, lilime linakana, malovu n'kutsikira papilo. Mwana anawauza kuti achira, adzabwera kudzaona chipale chofewa, nawonso anagwedeza mutu monga munthu wovomera kuti mwana asalire.

"Agonera mbali imeneyo nthawi yaitali bwanji?" anandifunsa.

"Kuyambira kusanache. Chiuno cha kumanzerechi nachonso chayamba kuda."

"Palibe aliyense pafupi?"

Ndinayang'ana m'wodi. Gogo wina ankamwetsa mwamuna wake madzi ndi supuni. Wina anali atagona tulo chokhala, mutu uli pa chitsulo cha bedi. Namwino kunalibe.

"Tiwatembenuza awiri, ine ndi inu," anatero mwana wanga. "Imikani foni poti ndizikuonani."

Ndinaitsamiritsa ku botolo la madzi pa kabati ya pambali pa bedi. Ndinachotsa pilo kumsana kwa bambo, iwo n'kugwera chagada, n'kubuula balalo litagunda matiresi. Piloyo ndinamuika kumiyendo kwa bedi, n'kuzungulira kukaima kudzanja lawo lamanja.

"Pindani bondo lakumanzere. Dzanjalo aliike pachifuwa. Inu tambalalitsani miyendo, musaweramitse msana."

"Ndinakuphunzitsa ndine zimenezo, iwe."

"Ndikudziwa, amayi. Gwirani paphewa ndi pachiuno. Musakoke ndi mikono, kokani ndi thupi lonse, ngati mukukhala pansi. Tiyeni."

Ndinakoka. Thupi linanyamuka pang'onopang'ono, phewa linachoka pamatiresi, chiuno chinatsatira. Atafika pakati, china chake chinandibaya m'munsi mwa msana ngati msomali wamoto. Bondo la bambo linakankha pilo uja, anagwa pansi n'kutsetserekera kunsi kwa bedi.

"Choncho, amayi, mwatha kale! Tsopano pilo kumsana."

"Wagwa."

"Gwirani choncho, musawasiye, akabwerera chagada balalo likhuzumuka. Itanani munthu."

Ndinaitana. Gogo wa supuni uja anatembenuka, anayang'ana manja ake ofooka, n'kundipepesa ndi maso.

Pamenepo belu linalira kumbali ya mwana wanga. Linalira kachiwiri, motalika. Anayang'ana kukhoma, n'kuimirira.

"Ndi agogo ena, amayi, amakonda kudzuka okha, akagwa ndiye mlandu wanga. Musadule."

Anaponya foni m'thumba la yunifolomu. Pagalasi panachita mdima, koma mawu ankamveka. Ndinamva nsapato zake zikuthamanga pakhonde, chitseko chikutseguka, kenako mawu ake m'chilankhulo cha kumeneko, ofewa, onyengerera, akufunsa bambo a munthu wina ngati agona bwino. Mkuluyo anadandaula kanthu, mwana wanga anaseka. Panalowa namwino mnzake, ndipo ndinawamva akuwerengera limodzi asananyamule, nsalu n'kukhwekhwereza, mkulu uja n'kupuma mpweya wautali wa munthu amene thupi lapeza pabwino.

Amuna anga anamva kuseka kuja. Anakweza maso kufunafuna foni, theka la pakamwa lija likugwedera. Thupi lawo linali likutentha m'manja mwanga, lisali chagada, lisali cham'mbali, ndipo zala zanga zinayamba kuterereka ndi thukuta lawo. Ndinatambasula mwendo umodzi kunsi kwa bedi, ndikufufuza pilo ndi chala cha kuphazi, koma ndinkangokhudza simenti.