Mzere wa Manda ku Chidzolomondo

Nilza anatsika pa njinga ya mota ku Chidzolomondo miyendo itachita dzanzi, fumbi la msewu wa ku Tsangano lili m'tsitsi. Iye ndi Belmiro anapangana kukwatirana mbatata ikakumbidwa, koma amalume a mnyamatayo anaimitsa zonse. Akuti anamvapo kuti awiriwo ndi magazi amodzi. Mayi ake a Nilza sankadziwa kanthu, poti anathawitsidwa nkhondo ali kumsana n'kukulira kwa eni.

Akatekisita, a Atanásio, anawapeza akusanja fodya kuseri kwa tchalitchi.

"Mabuku a ubatizo? Anapsa pa nkhondo, mwanawe, iwe usanalotedwe n'komwe."

"Ndiye ndibwerere chimanjamanja? Agogo anga a Luísa, mayi a mayi anga, anabatizidwa pano. A Dulce, agogo ake akuchikazi a Belmiro, pano pomwe."

"Ana a sikola inu, chimanga mukufuna chiche tsiku lobzala. Tiye."

Anayamba apempha chilolezo kwa eni manda, kenako anadutsa m'minda. Njira yonse Nilza ankangopempha chimodzi mumtima: ubalewo ukhale wa kuchimuna. Asuweni amakwatirana, ndani sadziwa? Ankadziona kale atavala zoyera, Belmiro akupunthwa ndi nsapato zobwereka.

Kumsitu wa manda kunali zii. A Atanásio anavula chipewa.

"Kuno sitiika munthu paliponse. Bere lililonse lili ndi mzere wake. Mkamwini, ngakhale akalambire pamudzi, amakagona kwawo." Analoza milu iwiri yophwa, yogundana. "Awa a Luísa. Awa a Dulce. Kumutuku kuli mayi wawo. Onse awiri ndinawaimbira nyimbo ndine."

Nilza anayang'ana. Panalibe mtanda, panalibe dzina. Nyerere zinkachoka pa mulu wina kupita pa unzake.

"Ansembe mwina angalole," anatero akatekisita. "Koma mbumba ndi imodzi. Nkhoswe yako ndi yake akhala munthu mmodzi. Adzifunsira mbeta yekha?"

Anadikira kuti misozi ibwere. Sinabwere. Anangomva njala, ndi kamwala m'nsapato.

Atatulukira pamsewu foni inalira. Anali Belmiro.

"Amor, wapamtima wanga, wapeza chiyani? Ndauza kale anyamata a kwaya ayambe kuyeserera."

Kumbali kwake kunkamveka ng'ombe, ndi mwana akuzikalipira.

"Nilza? Ukundimva?"

"Ndikukumvani, alongo anga."

Belmiro anaseka, kenako anasiya. Palibe anadula foni. Wa mota anafunsa ngati akubwerera lero lomwe, Nilza n'kukwera, foni ikadali kukhutu.