Mbale Kumbuyo kwa Mutu wa a Meya

Mumzinda wonse wa Bruges munalibe dzanja lojambula ngati la Lieven Goossaert. Anajambulapo mabuku a mapemphero ku Paris, ku Ghent, mpaka ku Milan, ndipo angelo ake ankachita ngati auluka kuchoka pamasamba achikopa a mabukuwo. Zimenezi ankanena yekha asanafunsidwe.

Tsiku lina a meya Anselm de Vroede, amene anaitanitsa buku lawo, anabwera kudzaona tsamba limene anawajambula atagwada pamaso pa Amayi Maria.

"Mphunoyi wandikometsera, nkhalamba iwe," anatero a meya. "Koma mkombero wagolide uli pamutu pa Amayiwu, wanga uli kuti?"

"Umenewo ndi wa oyera, bwana. Muyambe mwafa kaye."

"Tchalitchi chija anamanga ndani, si ine? Undiikire, apo ayi mumzinda muno sudzajambulamonso ngakhale mphaka!"

Zinamuvuta Lieven. Akakana, a meya amuthamangitsa. Akavomera, Bambo Wouter, wansembe wodzadalitsa bukulo, akamusiya kubwalo la bishopu ngati wonyoza Mulungu. Anakanda ndevu, kenaka anaseka yekha. Anauzira mpweya paulimbo umene anapaka patsambalo kuti unyowe, anagonekapo golide wopyapyala, n'kumukwecha ndi dzino la galu mpaka anachita kuthobwa m'maso.

Tsiku lodalitsa, a meya anatsegula bukulo pamaso pa akuluakulu. Kumbuyo kwa mutu wawo kunali chozungulira chagolide, waliwali. Anatukumula chifuwa.

Bambo Wouter nkhope inagwa. "Lieven mwana wanga, n'chiyani ichi? Munthu wamoyo, woti akutafunabe soseji, wamuveka ulemu wa oyera?"

"Yandikirani, Abambo, maso akukalambatu. Onani thabwa ilo ndajambula pakhoma, kumbuyo kwa a meya. Apo chikho, apo mtsuko, pakatipo aimikapo mbale. Kodi kukhala ndi mbale ndi tchimo?"

Wansembe anasuzumira, milomo ikunjenjemera pobisa phwete. "Ndi mbaledi. Ndipo kwa a meya athuwa, yakhala pamalo pake." Anakweza dzanja n'kudalitsa bukulo.

A meya anamukokera Lieven pambali. "Iwe, tandiuza zoona. Ndi mbale kapena mkombero?"

"Ali patali aona mkombero, bwana. Nanga ndani angayerekeze kukuyandikirani inu?"

A meya analingalira pang'ono, n'kumusisita paphewa. "Buku la akazi anga ujambulenso ndiwe."

Lieven anatuluka chipewa atapendeketsa, akupatsa moni ngakhale anthu osawadziwa.