Magazi Amene Sanafike

Nelia wa ku Manyamula analibe mwana, koma m'mutu mwake abale anali mbwee. Kasanu konse anapereka magazi galimoto ya achipatala itabwera, ndipo ulendo uliwonse ankati wapeza m'bale wina. Akamagulitsa tomato ankasuzumira nkhope za ogula, n'kumadzifunsa kuti kapena wamasaya osalalayu akuyendera magazi ake. Munthu wake anali wotero, wolota dzuwa likuswa mtengo.

Ndiye atamuimbira foni kuti akaonekere kuchipatala ku boma la Mzimba, iye anamva zake. Anati basi, mmodzi mwa abale aja wafuna kumuona. Anavala chitenje cha pa Khirisimasi, namanga mtedza pa kansalu, nakwera matola. Njira yonse ankamuona m'baleyo: mayi wochira kumene, khanda kumsana, magazi a Nelia akuyenda mwa iye pang'onopang'ono ngati madzi m'ngalande ya kudimba. Mabampu onse aja sanawamve n'komwe.

M'kachipinda kamene anamulowetsa munalibe mayi, munalibe khanda. Munali namwino yekha, Mavis wa ku Dedza, atagwira pepala.

“Amayi, magazi amene munapereka mwezi watha tinawayeza. Muli kachilombo koyambitsa matenda a chiwindi. Si Edzi ayi. Tikuyezaninso ndipo thandizo lilipo, koma zopereka magazi mulekeze pomwepa.”

Za chiwindi chake Nelia sanaziganize. Mtima unathamangira kwa mayi wa m'maloto uja.

“Ndapota anesi, mbwenu ndamupatsira munthu?”

“Ayi. Akale aja anali bwinobwino, ndipo awa sanapite kwa aliyense. Sitiika magazi mwa munthu tisanawayeze.”

“Yewo chomene!” Nelia anawomba m'manja, misozi ili lengelenge. Anakondwa zenizeni, koma chimwemwecho sichinakhalitse. Anaponya maso pazenera. Panja, amayi odikirira odwala ankayanika zitenje pa udzu, ndipo mphepo inkaziutsa n'kuzigonekanso. Chisoni chinamulowa mwakachetechete.

“Nanga amene ankawadikira uja?”

“Ndani, amayi?”

“Amene akanalandira angawo. Anamupatsa a yani?”

Mavis anapinda pepala lake pakati.

“Mwezi umenewo ana asukulu anali patchuthi, amayi. Opereka anachepa.”

Nelia anadikira kuti namwinoyo apitirize. Sanapitirize.