Masekondi Khumi a Azakhali

"Lero lokha, Mawaya. Theka la ola basi. Ukazimitsa dziko silitha."

"Sindizimitsa."

"Koma iwe, m'chifuwamo muli mtima kapena mabatire?"

"Muli ntchito yanga. Ndikufuna mawa ndidzaipeze pomwe ndaisiya."

Kachangu anamenya khoma ndi chikhatho, zibangili zake zisanu n'kulira ngwengwengwe. Iye ndi Mawaya anali ataima m'kanjira kopapatiza ka wayilesi ya m'dera lawo, pamwamba pa sitolo ya zitsulo, momwe anthu awiri sangadutsane osagundana mapewa. Chimene ankakanganiranacho chinali kabokosi kakuda kokhala pa shelefu m'chipinda cha makina, kumbuyo kwa Mawaya, woyang'anira makinawo. Onse pawayilesipo ankakatcha Mlonda. Ntchito ya Mlonda inali kumvetsera basi. Wayilesi ikangokhala zii kwa masekondi khumi, iye ankadula situdiyo n'kuponya nyimbo yake, imodzi yomweyomweyo, ya magitala othamanga, yovinitsa ngakhale munthu wodwala dzino.

Bwana wa wayilesiyo anagula kabokosiko chaka chatha, kompyuta itauma woulutsa mawu ali panja kukamwa madzi. Wayilesi inakhala chete mphindi makumi awiri. Pomwe ankazindikira, pamasitepe panali patadzaza anthu, ena misozi ili m'maso, akuti boma lawatsekera wayilesi yawo. Kuyambira tsiku limenelo lamulo linali loti wokhudza Mlonda anyamule chikwama chake azipita.

"Azakhali anga sayankhula ngati ife," anatero Kachangu, uku akuyang'ana wotchi yapakhoma kachisanu. "Amayamba atafuna mawu, kuwameza, kenako n'kuwabweza. Ukawafunsa kuti mwadzuka bwanji, ukhoza kupita kukasamba n'kubwera asanayankhe."

"Ndiye unawaitaniranji?"

"Chifukwa ndi iwo anagwa papaipi paja! Umafuna ndiitane iwe?"

Mawaya anangotambasula dzanja. "Zibangili."

Umu ndi momwe zinkakhalira tsiku lililonse asanalowe mu situdiyo. Maikolofoni imatola chilichonse, ndipo Kachangu sankatha kukhazika manja pansi. Dzina lakelo anamupatsa ndi anzake pawayilesi pomwepo, sabata yake yoyamba atangomaliza sukulu, ataona kuti moni wa omvera makumi awiri amauwerenga ndi mpweya umodzi. Anavula zibangilizo mokwiya n'kumuponyera m'manja. Mawaya anaziika m'thumba la malaya, lakumanzere, monga mwa masiku onse. Za thumba limenelo Kachangu anali ataganizapo masana ambiri nyimbo zikulira, koma lero analibe nthawi yake.

Lero linali tsiku lake lalikulu. Miyezi isanu ndi iwiri wakhala akuyendetsa pulogalamu ya nyimbo ndi moni, kuseweretsa anthu ndi timauthenga ta okondana. Iye ankalota zina. Ankadziona akufunsa akuluakulu mafunso owatulutsa thukuta, mawu ake akumveka m'maminibasi, m'malo ometera, m'mashopu a atelala, anthu akutontholetsana kuti amve bwino. Ndiye mkulu amene ankayendetsa Mawu a Mumsewu, pulogalamu ya ndale ndi madandaulo a anthu, anadzuka dzana mawu atauma ndi chimfine. Bwana anayang'ana uku ndi uku n'kupeza kuti watsala ndi Kachangu yekha.

Nkhani anasankha yekha: mlatho wa pangalande yaikulu. Madzi anaukokolola pa mvula ya zaka ziwiri zapitazo, ndipo kuyambira pamenepo anthu a tsidya lija ankawoloka poyenda pamwamba pa paipi ya madzi, ana asukulu ndi amayi osenza madengu omwe. Mwezi watha azakhali ake, amene anamulera kuyambira ali ndi zaka zinayi, anaterereka pamenepo ndi dengu la tomato pamutu. Bondo linali lisanapolebe. Kachangu anawalembera mawu tsamba lathunthu, mawu amoto, okhala ndi chilungamo katatu ndi ufulu kanayi. Azakhali analipinda tsambalo bwinobwino n'kuliika m'kachikwama.

Folo koloko itakwana, nyali yofiira inayaka pamwamba pa chitseko.

Mu situdiyo munkatentha ngati m'thumba. Fani sinkaloledwa chifukwa cha phokoso, ndipo makoma anali omatidwa ndi makatoni a mazira kuti mawu asamabwerere. Kumanja kwa Kachangu kunakhala a Khansala a deralo, suti yotuwa, nsapato zonyezimira, mafuta onunkhira odzaza chipinda chonse. Kumanzere kunakhala azakhali, mahedifoni atawakhalira mopendekeka pamwamba pa duku, manja ali pamiyendo. Kuseri kwa galasi kunali Mawaya ndi mabatani ake.

"Takulandirani, okondedwa omvera, ku Mawu a Mumsewu," anayamba Kachangu. "A Khansala, mlatho uja uli kuti?"

Funsolo analikonza usana wonse wa dzulo, lalifupi, lakuthwa. A Khansala analilandira ndi manja awiri ngati mphatso. Anathokoza wayilesi. Anathokoza achinyamata. Anafotokoza za komiti imene inakhala pansi, ndi komiti ina imene inaunika zimene komiti yoyamba ija inapeza, ndi lipoti limene lili m'njira. Sankapuma. Munthu ameneyu Mlonda sakanamugwira ngakhale atamudikira chaka. Kachangu anayesa kulowa katatu, koma paliponse ankapeza chitseko chotseka. Wotchi inadya mphindi makumi awiri ndi zitatu.

"Zikomo, zikomo bwana," anawadula pomaliza. "Tili ndi mayi amene amawoloka papaipi paja tsiku ndi tsiku. Mayi, tiuzeni."

Azakhali anayang'ana maikolofoni. Anakonza duku. Anatsegula pakamwa pang'ono, n'kutsekanso, maso ali pa tebulo monga amachitira akamasankha tomato wabwino pamulu.

Kachangu ankawerenga chamumtima. Zisanu ndi chimodzi. Zisanu ndi ziwiri. Chonde zakhali. Zisanu ndi zinayi.

Magitala anaphulika m'mahedifoni. Azakhali anadzidzimuka mpaka kugwira pamtima. A Khansala anaseka, mapewa akuvina nawo pang'ono.

"Wayilesi yanuyi ndi yachisangalalo, eti?" anatero.

Mawaya anadina batani n'kubweza situdiyo, nkhope yake ili gwa, osayang'ana Kachangu. Makutu a Kachangu ankayaka. Anaona m'maganizo mwake tsidya lonse lija, amayi a pamsika atazungulira kawayilesi, akumva mnzawo akuvinitsidwa m'malo moyankhula. Analumbira kuti sizichitikanso, ndipo njira imene ankaidziwa inali imodzi yokha.

"Pepani omvera, ndi makina. Mayi, munagwa pa paipi, si choncho?"

"Eee."

"Ndipo munavulala bondo, tomato yense n'kupita ndi madzi, si choncho? Ndipo ana asukulu amawoloka pomwepo, ena aang'ono kwambiri, mvula ikagwa paipi imaterera, ndiye funso n'lakuti chilungamo chili kuti, ufulu wa anthu osauka uli kuti, kodi tidikire kuti wina afe kaye? Si zimene mukufuna kunena, mayi?"

Azakhali anatembenuka n'kumuyang'ana. Kanali kayang'anidwe kaja ka kale, ka tsiku limene Kachangu anaswa kapu ya alendo n'kunamizira mphaka.

Sekondi yachisanu ndi chitatu isanakwane, Kachangu analumphira pa foni. "Tili ndi womvera pa lamya! Muli pa Mawu a Mumsewu, yankhulani."

"Ine ndine wometa wa pafupi ndi depoti," anatero mawu okhuthala, kumbuyo kukumveka makina ometera. "Achemwali, inu timakumvani tsiku lililonse, mawu anu timawadziwa ngati a tambala wa kwathu. Bwanawo tawamvanso, komiti yawo tailoweza. Tasiyani mayiwo anene okha. Mwawaitanira kudzaonera?"

Foni inaduka. A Khansala anatsokomola mokondwa n'kuyang'ana wotchi yawo yapamkono. Kunatsala mphindi zinayi.

Kachangu akakhala chete, Mlonda alowa ndi magitala ake. Akayankhula, ndiye kuti iye mwini wasanduka Mlonda, wa pakamwa. Azakhali akatuluka muno osanena kanthu, sadzabweranso, ndipo tsidya lonse lidzati anapita kukachititsidwa manyazi ndi mwana wodzilerera okha. Dzanja lake linkagwedezeka pa tebulo, kugwedezeka kwake kwa masiku onse, koma lopanda phokoso. Analiyang'ana. Mkono unali wopanda kanthu.

Anadzutsa mutu msangamsanga. Anaimika mkonowo kutsogolo kwa galasi n'kuugwedeza, maso ali pa thumba lakumanzere la Mawaya.

Mawaya anapukusa mutu n'kuloza nyali yofiira. Nyali ikayaka chitseko sichitsegulidwa. Lamulo limenelo analilemba yekha ndi cholembera chofiira, n'kulimata pachitsekopo ndi manja ake.

"Tikadali pa nkhani ya mlatho, omvera," anatero Kachangu, pongofuna kuti Mlonda ayambirenso kuwerenga. Mkono sanautsitse. Ndi milomo yokha, popanda mawu, anati: chonde.

Mawaya anayang'ana kabokosi kakuda kaja. Anayang'ana azakhali. Kenako anawerama, ndipo Kachangu anazindikira kuti akuvula nsapato. Chitseko chinatseguka pang'onopang'ono, osalira. Analowa ndi masokosi, imodzi yobooka pachala chachikulu, atawerama ngati wakuba nkhuku, n'kumuika zibangili zija m'dzanja. Zinali zofunda. Kachangu anamva kufundako kukwera mkono wonse mpaka m'khosi, koma anakukankhira pambali, kuti adzakuganizire bwino pambuyo pake.

Anazivala. Anasendeza mkono pafupi ndi maikolofoni yake.

"Zakhali," anatero, ataiwala zoti pawayilesi amawatcha mayi. "Nthawi ndi yanu. Ine ndatseka pakamwa."

Ndipo anayamba kugwedeza mkono pang'onopang'ono. Ngwe. Ngwe. Ngwe. Kaphokoso kakang'ono, kokwanira kuti Mlonda adziwe kuti mu situdiyo muli anthu amoyo. Kuseri kwa galasi Mawaya anakweza batani la maikolofoni ya Kachangu pang'ono, timagetsi tobiriwira n'kumaphethira pa kugunda kulikonse.

"Mwina ndingowonjezerapo kuti komiti..." anayamba a Khansala.

Kachangu anaimika dzanja linalo kutsogolo kwa nkhope yawo, osawayang'ana n'komwe. Sanadziwe kumene anatenga kulimba mtima koteroko. A Khansala anameza mawu awo.

Masekondi khumi anadutsa. Magitala sanabwere.

Makumi awiri. Lilime la Kachangu linkayabwa, mawu atadzaza m'kamwa ngati njuchi. Analiluma. Pansi, m'sitolo ya zitsulo, wina anagwetsa chitsulo n'kutukwana. Ngwe. Ngwe. Makumi atatu. Sanakhalepo chete nthawi yaitali chonchi chibadwire, ndipo anadabwa kumva zinthu zimene sankazimva: kupuma kwa azakhali, kolemera, kwa munthu wokwera chitunda ndi katundu pamutu, ndi kulira kwa mpando pomwe ankasuntha bondo lopwetekalo.

Azakhali anatsegula kachikwama. Anatulutsa tsamba lija, n'kuliika pa tebulo lili chipindire, n'kulikankhira kwa Kachangu ndi chala chimodzi. Anakonza mahedifoni. Kenako anatembenuza mpando wonse, kusiya maikolofoni pambali, n'kuyang'ana a Khansala kuyambira kumaso mpaka kunsapato.

Kunatsala mphindi imodzi ndi theka. Kachangu anawasendezera maikolofoniyo kukamwa ndi dzanja lamanzere, lamanja likulizabe zibangili.

"Bambo," anatero azakhali.

Ngwe. Ngwe. Ngwe.

"Mwanayu anandilembera mawu okoma. Koma ndi ake." Anapuma. "Ine za makomiti sindizidziwa. Za bondo langa musadandaule nazo, lipola lokha."

Anapumanso, nthawi yaitali, ndipo palibe anawathandiza.

"Mawa sikisi koloko m'mawa mubwere papaipi paja. Ndi nsapato zomwezi. Ndidzakusenzetsani dengu langa, lodzaza, ana asukulu ali kutsogolo kwanu, ine ndili pambuyo. Muwoloke kamodzi kokha. Mukafika tsidya linalo mudzandiuze nokha, pamaso panga, kuti tidikire lipoti. Chimene ndimafuna ine n'chimenecho."